Matumba Awiri a Yusufu

Amayi anga, kodi mwakhazikika bwanji kumene mudatsogolako?

Ndine Saidi, mwana wanu woyamba. Papita chaka ndi mwezi umodzi chikuikireni m'manda, ndipo sindinakuuzenipo kanthu. Mukudziwa kuti pakamwa panga mpolemera chibadwire. Nalo dzanja langa ndi lolemera, pakuti zilembo ndidaziphunzira ndili kale ndi ndevu, pamene ndinkagwira ntchito ku Halale. Inu simudagwirepo cholembera, koma ndikhulupirira kuti kumeneko simungasowe wokuwerengerani. Ndiyamba ndi nkhani zopepuka, monga munkanenera kuti mlendo sauzidwa za maliro asanamwe madzi.

Sadaka yanu ya masiku makumi anayi idayenda mwaulemu. Abale adafika mpaka a ku Dwambazi, a Shehe adawerenga dua, ndipo palibe adachoka ndi njala. Halima, mwana wanga, anabereka mwana wamkazi mvula ili pakati, ndipo tamupatsa dzina lanu. Mphumi ndi yanu. Akamayamwa amakwinya nkhope ngati munthu amene akuwerengera chenji. Mpongozi wanu ali bwino, kungoti bondo lija likumuvuta m'mamawa. Mbuzi yanu yamawanga inagwidwa ndi ng'ona ku Kaombe. Ana ake awiri alipo. Mango aja a kuseri kwa nyumba anabereka mpaka nthambi imodzi kuthyoka, ndipo ana a m'mudzi anachita nawo phwando, poti wowathamangitsa kulibe. Denga la nyumba yanu ndinafoleranso.

Mpunga ndiwo watichititsa manyazi. Madzi anasefukira uli ndi pakati, nakhala m'dambo masiku asanu ndi anayi. Pamene inu munkakolola matumba khumi ndi limodzi, ine ndapeza asanu. Chinangwa chilipo. Sitifa.

Tsopano madzi mwamwa. Nkhani ndi iyi: Yusufu kulibe pakhomo pano.

Musadzidzimuke, ali moyo. Mdzukulu wanu, mwana wa malemu mlongo wanga Asiyatu, amene mudamulera pamsana panu amayi ake atatisiya, ali ku Halale pa famu ya fodya. Wachoka miyezi iwiri ndi theka yapitayo, mayeso a Sitandade 6 asanalembe. Amene anamuchotsa ndine. Sindinamumenye, sindinamukalipire. Ndikuuzani mwadongosolo, pakuti simunkakonda nkhani yoyambira pakati.

Mukumbukira mmene mudamenyera nkhondo kuti mwanayu apite kusukulu. Anzathu a kumzikiti adati kumeneko akamudyetsa nkhumba ndi kumusintha dzina. Inu mudayankha kuti, “Nkhumba ndidzainunkhiza m'kamwa mwake akamabwera. Koma ine ndatopa kudinda chala pa pepala limene sindikulidziwa.” Ndipo kutatsala masiku atatu kuti mutisiye, mudatulutsa onse m'nyumba, nimundilozera pansi pamene pamakhala mtsuko wamadzi. Mudati pali mphika womata, ndipo m'menemo muli sukulu ya Yusufu. Mudati, “Asachoke pasukulu mwana ameneyu. Ndipo pobisika mbewu sauza mwana.” Ndidavomera malamulo onse awiri. Lachiwirilo ndalisunga bwino kwambiri, amayi, mpaka laphwanya loyambalo.

Lamulo limenelo ndikulidziwa kumene lidachokera, pakuti lidabadwa chifukwa cha ine. Chaka chija cha njala, ndili kamwana kosavala, mudandionetsa chipanda cha mpunga wa mbewu chimene mudapachika kudenga. Ine ndi anzanga awiri tidautafuna wauwisi mpaka kutha. Simudandimenye. Mudangonditenga pa dzanja mpaka ku Nkhunga, ndipo ndidakhala pamthunzi ndikukuonani mukulima munda wa eni masiku asanu ndi limodzi kuti akupatseni mbewu ya m'lichero limodzi. Kuyambira pamenepo sindidadyenso mbewu, ndipo sindidauzenso mwana aliyense pamene yabisika.

Titangokolola, anafika pakhomo Bambo Nyirenda, mphunzitsi wamkulu wa pasukulu ya Yusufu, munthu wa kumpoto uja amene munkati amalankhula ngati akuimba. Anatsamiritsa njinga yake pa mango anu nati, “Adada a Saidi, ndabwera kudzakubani. Anyamata anga a Sitandade 6 amadziwa kuwerengetsa liwiro la sitima ziwiri za ku Ulaya. Koma muwatume ndi thumba la mpunga kumsika, abwerako ndi chipewa chatsopano ndi ngongole. Mubwere Lachitatu lililonse masana, mudzawauze za ndalama.”

Ndinati, “Ine sukulu ndidangoiona pazenera.”

Iwo anati, “Nchifukwa chake ndafika kwa inu. Ife a m'katimo malipiro amatithera pa tsiku lakhumi. Inu mwaima pa sikelo ya mpunga zaka khumi ndi ziwiri ngati kapitawo, ndipo mesenjala wa msonkho sadziwa mtundu wa chitseko chanu.”

Ndinakana kawiri. Kachitatu ndinavomera. Ndikuululirani kuti mumtima ndinanyada.

Lachitatu loyamba ndinavala mkanjo wanga wa Lachisanu, ndinatenga mpunga wa m'mbale, ndi makobiri khumi ndi awiri oboola pakati aja, nditawatunga pa luzi monga munkachitira inu kuti akwane sheleni imodzi. Anyamata analipo makumi awiri ndi mphambu zitatu, ena ndevu zitayamba kale. Ndinathira mpunga patebulo ndi kuugawa milu itatu, monga munkagawira pamphasa tikakolola: mulu wa mbewu, mulu wa Boma, mulu wa pakamwa. Ndinati ndalama iliyonse imene idzalowe m'dzanja mwawo aziyamba aigawa chotero asanapite nayo kusitolo, ndipo woyamba kupatulidwa ukhale wa mbewu, pakuti pakamwa sipakhuta.

Pali mnyamata wina dzina lake Petulo, mwana wa msodzi, wapakamwa ngati mpheta. Anaimika dzanja nati, “Bambo, nanga mulu wa njinga uli pati?”

Ndinati, “Njinga ili m'kati mwa mbewu. Uiyembekeze imere.”

“Nanga mulu wa mkazi?”

Ndinati, “Mkazi amene adzalole iwe adzafunika mulu wachinayi, wa chipepeso.”

Anaseka mpaka kumenya madesiki. Ine sindinaseke, koma ndinabwerera kunyumba mapazi ali opepuka.

Masabata otsatira ndinawaphunzitsa sikelo: kuti munthu ayambe wayang'ana muvi thumba lisanakolowekedwe, kuti thumba lopanda kanthu nalo lili ndi kulemera kwake, ndi kuti wogula akayamba kukufunsa za moyo wa amayi ako, maso ako asachoke pa muvipo. Ndinawauza za kugulitsa mpunga udakali m'munda mwezi wa njala, pamene munthu amalandira masheleni asanu ndi atatu pa thumba limene likadamupatsa oposa makumi awiri akadapirira miyezi itatu. Ndinawauza za buku la ngongole la kusitolo, limene wolemba ndi mmodzi, woliwerenga ndi yemweyo. Ndinawaonetsa kabuku kanga ka ku positi kosungira ndalama. A Shehe atamva anandifunsa za timakobiri timene a positi amawonjezerapo pachaka. Ndinati timeneto mwana wa Chisilamu azitichotsa ndi kupatsa osauka, koma ndalama yake isagone m'denga mmene moto ndi chiswe zimafika. Sananditsutse.

Masiku onsewa Yusufu ankakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera. Sindinamutchule dzina ngakhale kamodzi, kuopa kuti anganene kuti ndikukondera magazi anga. Ndinkati, “Iwe wa kumbuyoko.” Mayankho ake onse anali olondola, ndipo sindinamuyamikire ngakhale limodzi. Ndinkati zimenezo zimatupitsa mwana mutu.

Lafika Lachitatu lachisanu. Ndinafuna kuwaonetsa mmene banja limayendetsera chaka chathunthu ndi zokolola zochepa. Kutenga chitsanzo pa nyumba ya munthu wina kukadakhala kuvula bambo wa eni pamaso pa mwana wake, choncho ndinatenga nyumba yanga. Ndinauza Bambo Nyirenda kuti alembe pabolodi zimene ndinene, pakuti choko chimandithyokera m'manja.

Matumba asanu. Limodzi la mbewu. Limodzi la Boma. Kenaka ndinati, “M'nyumba imeneyi muli mwana wasukulu. Tiyeni timuwerengere.” Tinawerenga fizi. Tinawerenga kabudula ndi malaya a khaki, makope, inki, mafuta a nyale. Tinawerenga ndi waganyu wopirikitsa mbalame m'munda, pakuti mwini ntchitoyo ali m'kalasi. Zonse pamodzi zinakwana matumba awiri. Bambo Nyirenda analemba ndi zilembo zazikulu: MWANA WASUKULU, MATUMBA AWIRI. Pansi pake: PAKAMWA PA ANTHU ASANU, THUMBA LIMODZI.

Aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti mwana wasukuluyo ndani.

Ndipo ndinafunsa kuti, “Milu ndi itatu basi. Matumba awiriwa tiwaike pa mulu uti?”

Petulo anakuwa, “Pa mulu wa pakamwa, bambo! Yusufu amadya ngati mvuu!”

Anaseka. Naye Yusufu anamwetulira pang'ono, maso ali pa desiki. Nthawi yomweyo chitsulo chija chopachika pamtengo chinalira kuti aweruke.

Amayi, yankho linali pa lilime panga. Ndinalikonza sabata yathunthu ndili m'munda. Ndinafuna kutapa mpunga ndi kuuthira pa mulu wa mbewu onse akuona, ndi kunena kuti mwana wasukulu ndi munda, zimene timathira mwa iye sitinadye, tabzala. Phunziro lonselo ndinalimangira mawu amenewo, ndipo ndinalimangira iye, pakuti kunyumba sindikadatha kuwanena. Koma chitsulo chinalira, anyamata anayamba kutola makope, ndipo ndinaona kuti mawu otere sayenera kutayidwa m'phokoso. Ndinati, “Pitani mukalingalire. Yankho Lachitatu likudzali.”

Tinayenda limodzi kubwerera kunyumba, ine patsogolo ndikukankha njinga, iye pambuyo. Mukuidziwa njira imeneyo kutalika kwake. Titadutsa pamlatho wamitengo uja anati, “Atsibweni.”

Ndinati, “Nchiyani?”

“Matumba awiri aja, ndi oona?”

Ndinati, “Ine sindilembetsa bodza pabolodi.”

Tinapitiriza kuyenda. Mphika wanu unali pansi pa mtsuko, m'nyumba yomwe iye ankagona, mikono iwiri kuchokera pamphasa yake. Ndikadangoti, “Usade nkhawa, agogo ako adakulipirira kale.” Mawuwo anafika pakhosi. Ndinakumbukira chipanda chija cha kudenga, ndipo ndinawameza.

Lachinayi anapita kusukulu. Lachisanu tinapemphera limodzi kumzikiti, phewa lake likugunda langa. Loweruka anathandiza azakhali ake, mpongozi wanu, kuvuula chinangwa, nakonza khola la mbuzi limene ndinamuuza kalekale. Lolemba m'mawa mphasa yake inali yopindidwa, khaki wake atamuchapa ndi kumupinda pamwamba pake, makope atawasanja. Pa sileti yake yakale ija analemba masamu. Matumba asanu, kuchotsa la mbewu, kuchotsa la Boma, otsala atatu. Ndipo pansi: “Popanda mwana wasukulu, pakamwa matumba atatu.” Anajambula mizere iwiri kunsi kwa yankho monga amawaphunzitsira. Ndinawerenga katatu kufuna cholakwa. Masamuwo anali olondola.

Ndinapalasa njinga mpaka ku Boma. Kalaliki wa kumeneko anandiuza kuti mnyamatayo anabwera Lachisanu lomwelo titatuluka mumzikiti, nati sukulu wasiya, amulembe m'buku la msonkho kuti alandire chitupa cha ulendo. Mwana wasukulu sakhoma msonkho, amayi. Iye anakadzilembetsa yekha kuti ndi mwamuna. Anakwera lole ya anthu opita kukafuna ntchito, ndipo pamene ndinkafika fumbi lake linali litagona kale.

Mpongozi wanu sanalire pamaso panga. Anangondiyang'ana nati, “Inu mawu mumasunga ngati ndalama. Kodi mudzagulira chiyani?” Zaka makumi atatu ndi zisanu tili limodzi sadandiyankhulepo chotero. Sindinamudzudzule.

Lachitatu ndinapita kusukulu, pakuti ndinalonjeza yankho. Zolemba zija zinali zikadali pakona ya bolodi, Bambo Nyirenda atazizunguliza ndi mzere kuti asafufute. Anafuna kuzifufuta nditalowa, koma ndinawagwira dzanja. Ndinathira milu itatu. Ndinafunsanso funso lija. Ndinatapa mpunga wodzaza manja awiri ndi kuuthira pa mulu wa mbewu, ndipo ndinanena mawu onse aja amene ndinakonza, osasiyako ndi limodzi lomwe. Ndinawanena bwino. Ndinawanena kwa ana a eni makumi awiri ndi awiri, ndi kwa desiki ya pazenera.

Petulo anaimirira osaimika dzanja. Anati, “Bambo, nanga bwanji simunanene tsiku lomwe lija?”

Bambo Nyirenda anati, “Khala pansi iwe!” Ine ndinati amuleke, wafunsa bwino. Poweruka mnyamatayo ananditsatira mpaka pamsewu nati mwina ndi mawu ake a mvuu aja amene anathawitsa mnzake. Ndinamuuza kuti, “Si iwe. Kaseke monga kale.” Amenewo ndinawanena nthawi yomweyo, osadikira Lachitatu.

Sindinasiye kuphunzitsa. Ndinamaliza masabata onse amene tinapangana. Anyamata asanu ndi awiri atsegula mabuku ku positi. Wina anagwira wogula akukankha sikelo ndi bondo, ndipo atate ake anandibweretsera nkhuku. Anthu akuti ntchito ndinaigwira bwino. Nkhukuyo ndinailandira kuopa kunyoza, koma sindinadyeko.

Kalata yoyamba inafika patapita masabata asanu ndi limodzi, muli pepala la ndalama la ku positi. Ndikulemberani yonse, pakuti ndi yaifupi. “Atsibweni, landirani masheleni khumi ndi asanu. Asanu a mbewu, asanu a Boma, asanu a pakamwa. Ine ndili bwino. Yusufu.” Sanalembe kumene ali. Sanafunse za mbuzi, kapena za khanda la Halima limene ankalinyamula tsiku lililonse. Yachiwiri inafika mwezi wotsatira, mawu ake omwewo. Mwa ophunzira anga onse palibe anamva phunziro langa kuposa iye. Ndikawerenga makalata amenewa ndimamva mawu anga omwe, kuuma kwake komweko, ndipo tsopano ndadziwa mmene amamvekera kwa wowalandira. Ndalamazo sindinadyeko. Zili ku positi m'dzina lake.

Sabata yatha kunabwera a Bwanali a ku Liwaladzi, amene angobwera kumene kuchokera ku Halale. Anayenda ulendo wonsewo kudzandipeza, Mulungu awadalitse. Anati, “Mwana wanu ndamuona ndi maso angawa. Ali pa famu imene ndinali ine, akudula nkhuni zoumitsira fodya. Waonda, ndipo m'manja mwachita matuza, poti nkhwangwa si cholembera. Kukomboni amamutcha Kalaliki. Amalembera anthu makalata pa kobiri imodzi, ndipo ndi iye amawawerengera masiku pa matikiti awo kuti kapitawo asawabere. Akalandira malipiro amayala bulangete nkugawa milu itatu. Anthu amamuseka, koma ena ayamba kutengera.”

Ndinafunsa ngati anatchulapo zobwerera.

Anayang'ana pansi nati, “Ndinamufunsa. Akuti adzabwera akabweza matumba onse amene adadya, kuyambira chaka chimene adalowa sukulu. Ali nawo m'kakope, a Saidi. Ndinaona. Zaka zisanu ndi zitatu, kuphatikiza ziwiri za m'makalasi a tiana, chaka chilichonse mzere wake.”

Pa masheleni khumi ndi asanu pamwezi, amayi, ndawerengera. Adzamaliza ndevu zitamera, sukulu itamuiwala, ine nditagona pafupi ndi inu. Ndipo ndawaona amene amati ndibwera ndikamaliza chakuti. Ndidakhala nawo ku Halale. Timawatcha matchona, ndipo ambiri manda awo ali komweko.

Bambo Nyirenda andichitira chifundo. Akuti dzina lake likhala m'kaundula kufikira tsiku lotsegulira sukulu, kuti abwereze Sitandade 6 ndi kulemba mayeso chaka chamawa. Likapitirira tsikulo alifufuta, pakuti ofuna malowo ndi ambiri ndipo zaka zake zikupita. Kwatsala masabata asanu. Anandiuza kuti ndimulembere kalata, iwo andithandiza kuikonza bwino. Ndinayesa. Ndinang'amba mapepala anayi. Mwana amene ndidamuyankha pamlatho paja sangakhulupirire pepala, makamaka lokoma. Adzati alemba ndi aphunzitsi. Mawu amenewa afunika atuluke pakamwa pomwe padawakaniza.

Tsono ndafika pa chimene ndalembera kalatayi.

Lero m'mawa ndasuntha mtsuko wanu wamadzi. Ndakumba ndi mpeni, mpongozi wanu atagwada pambali. Mphika unali pomwe mudanena, womata ndi dothi la pachulu, zala zanu zikuonekabe pa dothilo. Ndinaswa dothilo. Makobiri anu onse ali pa luzi, khumi ndi awiri, khumi ndi awiri, mfundo yanu ija yokhota kawiri. Matiki, tindalama ta makobiri atatu tija, ali m'kachitini ka tiyi. Ndalama zasiliva zazikulu mudazikulunga m'kansalu ka buluu kamene kadali mpango wa Asiyatu. Ndinazindikira. Zonse pamodzi mapaundi asanu ndi anayi, masheleni atatu, ndi makobiri asanu ndi awiri amene anali asanakwane luzi. Ndi zitumbuwa zingati, amayi, ndi mphasa zingati? Ndipo ife tinkati mumadzimana sopo chifukwa cha ukalamba.

Ulendo ndaufunsa bwino. Lole mpaka ku Salima, sitima yapamtunda mpaka ku Limbe, lole ina yodzera ku Tete. Kupita ndekha, kubwera awiri, ndi kamba wa panjira, zitenga mbali yaikulu ya mphikawu. Mpunga wogulitsa ndilibe. Za m'kabuku kanga zidapita pa maliro ndi sadaka yanu, ndipo sindidandaula. Choncho ndikudya mbewu, amayi, kachiwiri m'moyo wanga. Poyamba paja ndidali mwana wosadziwa. Lero ndikudya ndikuona, ndili ndi imvi, nditaimirira pamaso pa ana a eni masabata khumi kuwauza kuti mbewu sadya. Ngati mukwiye, kwiyani. Koma mudasungira mwana, simudasungire mphika, ndipo mwanayo ali ku nkhuni za Mzungu.

Za fizi musade nkhawa. Njinga ndaipezera kale wogula. Ndi Bambo Nyirenda omwe, akuti yawo yakalamba kuposa iwo. Ndikudziwa kuti akunama, yawo ndi yabwino, koma ndawalola. Pamodzi ndi zotsala za mumphika ndi masheleni makumi atatu ake aja, chaka chimodzi chikwana. Zakutsogolo tidzaona mpunga. Miyendo ndili nayo.

Sindikudziwa ngati adzalola kubwera. Ndi mdzukulu wanu, ndipo ndi wophunzira wanga; kuuma mutu ali nako kwa mbali ziwiri. Mwina adzanditulutsira kakope kake nkundionetsa kuti masamu sanathe. Sindidzatsutsana naye za masamu, pakuti amandiposa. Ndapatula luzi limodzi la makobiri anu, limene sindisintha ku positi. Ndidzaliika m'dzanja lake kuti aone mfundoyo, pakuti amaidziwa. Ndi iye ankakutungirani singano maso atayamba kuchita khungu. Ndidzamuuza pamene padali mphika, kuti adagona pambali pake chaka chathunthu, ndi kuti amene adamubisira ndine. Lamulo lanu lachiwiri ndiliphwanya lonse. Ndidzamuuzanso za chipanda cha kudenga, nkhani imene sindidauzepo munthu, kuti adziwe kuti m'banja muno wodya mbewu ndi mmodzi yekha, ndipo si iye.

Kenaka ndidzamuuza yankho la Lachitatu lija. Ndikulibwereza tsiku ndi tsiku ndikamayenda, mokweza, mpaka ana akundiyesa wamisala. Ndikuopa kuti ndikadzamuona ndidzamezanso mawu monga pamlatho paja. Ngati kumene muliko mumaloledwa kupempherera amoyo, musandipemphere ulendo wabwino kapena ndalama. Mundipemphere pakamwa.

Lole inyamuka mawa dzuwa likangotuluka. Kalatayi ndiika mumphika wanu, ndimata ndi dothi, ndi kubwezera mtsuko pamwamba pake, pakuti positi ina yofika kwa inu sindiidziwa. Makobiri asanu ndi awiri osakwana luzi aja ndawasiya momwemo. Asanu otsalawo adzaikamo ndi Yusufu ndi dzanja lake, ndipo mfundo adzamanga ndi iye.

Sindidakuuzenipo muli moyo kuti ndimakukondani. Ndinkayesa kuti kufolera denga ndi kunena komwe. Ndanena tsopano, mochedwa monga mwa chizolowezi changa. Kwa iye sindichedwanso. Ndikulonjezani kuti sindichoka pa famu imeneyo asanamve zonse ndi makutu ake, ngakhale chitsulo cha Mzungu chilire kangati.

Gonani bwino, amayi. Mupereke moni kwa Asiyatu, ndipo mumuuze kuti ndapita kukatenga mwana wake.

Ine mwana wanu wokukondani,
Saidi